Kulumikiza zidutswa za pulasitiki popanga timagalimoto tofanizira

Mwina zinakucitikiranipo. Mwadula cigubu cakale bwinobwino, mwaumba kabini ya thiraki, mwagula guluu uja wa m'kacubu amene amamata zala m'kamphindi, ndipo mwathira wambiri osaumira. M'mawa mwake mwana wangoikoka kamodzi pabwalo, kabini yagwera uko, guluu wasendeka yekha ngati khungu la njoka. Mumayamba kudandaula kuti wasitolo wakugulitsani wabodza. Nthawi zambiri guluuyo alibe mlandu. Pulasitiki ilipo ya mitundu yambiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi guluu amene umamumvera. Ilipo inanso imene simvera guluu aliyense wa m'sitolo.

Nkhani ino ikufotokoza mmene anthu opanga timagalimoto tofanizira amalumikizira zidutswa za pulasitiki. Ndikati tofanizira ndikunena tija topangidwa motsata galimoto yeniyeni, ciwalo ciliconse atacicepetsa ndi muyeso umodzi. Guluu ena mumamuchula kuti kola. M'nkhani muno ndi cinthu cimodzi.

Kumene luso limeneli linakulira

Luso limeneli linakulira ku Britain, ku America ndi ku Japan nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Kampani ya Airfix, imene Nicholas Kove anaiyambitsa ku London mu 1939, inapanga kathirakitala kofanizira ka Ferguson mu 1949, ndipo pambuyo pake inayamba kukagulitsa kali zidutswazidutswa kuti wogula akalumikize yekha kunyumba. Ku America kunachuka makampani ngati Revell ndi AMT. Ku Japan, mumzinda wa Shizuoka, kampani ya Tamiya imene poyamba inali yoceka matabwa inalowa m'nchito ya pulasitiki ca m'ma 1960. Mukatsegula bokosi la makampani amenewa mumapeza tizidutswa tambiri titalumikizidwa pa cimango ca pulasitiki, pamodzi ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti ici cilowe apa, ico cilowe apo.

Ena amatsata pepalalo mpaka kumapeto, basi. Koma ena safuna galimoto ya pacithunzi ca bokosi. Amatenga kabini m'bokosi ili, matayala m'bokosi lina, kumbuyo nkudzipangira okha ndi mapepala a pulasitiki, mpaka patuluke galimoto imene palibe fakitale inaipangapo. Ngakhale zombo za m'mlengalenga za mufilimu ya Star Wars ya 1977 anazikongoletsa ndi tizidutswa totengedwa m'mabokosi a akasinja ndi magalimoto ofanizira. Munthu wopanga mwa njira imeneyi ndiye amakumana ndi vuto lathu lija, cifukwa zidutswa zake sizinapangidwe kuti zigwirizane, ndipo kawirikawiri si za pulasitiki imodzi.

Kuno kwathu mabokosi otere sapezeka wambawamba. Amene timawaona ndi obwera ndi acibale ocokera kumizinda ikuluikulu kapena ku South Africa. Koma ana a ku Angónia, ku Lichinga ndi m'mbali mwa nyanja akhala akupanga magalimoto a waya, a zigubu ndi a zitsekero za mabotolo kuyambira kale. Zimene ndikulemba pano zimagwira nchito kwa onse awiri, wa bokosi ndi wa cigubu.

Muyeso, ndi cifukwa cake dontho limodzi ndi lalikulu

Pabokosi pamalembedwa manambala awiri, monga 1:24. Muwerenge kuti "imodzi pa 24". Tanthauzo lake ndi lakuti sentimita 1 pa kagalimoto ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Galimoto yotalika masentimita 480 imakhala ya masentimita 20. Magalimoto a ku Japan ndi ku Ulaya ambiri amakhala a 1:24, a ku America ambiri 1:25, a nkhondo 1:35.

Tsono taganizirani izi. Dontho la guluu la mamilimita 2 likagwera pacitseko ca kagalimoto ka 1:24, lili ngati cibuma ca pafupifupi masentimita 5 pacitseko ca galimoto yeniyeni. Ndani angagule galimoto yokhala ndi cibuma cotere? Ndiye cifukwa cake m'nchito imeneyi guluu amayesedwa ndi nsonga ya singano, osati ndi cala.

Yambani mwaidziwa pulasitiki yanu

Tembenuzani beseni, botolo kapena kapu ya pulasitiki muone pansi pake. Nthawi zambiri pamakhala kacizindikiro ka makona atatu, m'kati mwake muli nambala kuyambira 1 mpaka 7. Manambala amenewa anayamba ku America mu 1988 pofuna kuthandiza osankha zinyalala, koma kwa ife ndi amene amatiuza guluu woyenera.

Nambala 6, yolembedwanso PS, ndiyo polystyrene. Iyi ndi imene amapangira zidutswa za m'mabokosi aja. Imapezekanso m'makapu ambiri a yogati, m'mafoloko otaya mukadyera, ndi m'timabokosi toonekera m'kati tosungiramo ma CD. Munthu woyamba kuipeza anali Eduard Simon, wogulitsa mankhwala wa ku Berlin, mu 1839, kucokera ku utomoni wa mtengo, koma mafakitale anayamba kuipanga yambiri ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Ndi yosavuta kudula, kupala ndi kumata. Mukapeza nambala 6, sungani.

Nambala 2 ndi 4 ndi polyethylene, nambala 5 ndi polypropylene. Zigubu za mafuta ophikira, ndowa, mabeseni, zitsekero za mabotolo ndi mipando yambiri ya pulasitiki zili m'gulu limeneli. Mukaigwira imamveka ngati yapakidwa sera. Iyi ndiyo yokana guluu ija. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi a zakumwa, yabwino kupangira magalasi. Nambala 3 ndi PVC, ya mapaipi. Palinso ina yochedwa ABS, ya zikuto za mawailesi, za makompyuta ndi ya zidole za Lego. Imeneyi nthawi zambiri amangolemba dzina lake m'kati mwa cikutoco.

Nanga ngati palibe nambala? Dulani kacidutswa kakang'ono mukamize m'kapu ya madzi, mukatikite ndi cala kuti thovu licokepo, kenako mukasiye. Polyethylene ndi polypropylene zimayandama. Polystyrene ndi ABS zimamira pang'onopang'ono, pamene PET ndi PVC zimapita pansi msanga. Mungathenso kugwetsa cidutswa pa simenti: polystyrene imalira ngwee ngati kacitsulo, ya cigubu imangoti phu. Njira yacitatu ndiyo kudonthezera asetona, uja amayi amacotsera utoto wa m'zikhadabo, pamalo obisika. Pakanyeta kapena kuyera, mwina ndi polystyrene kapena ABS. Pakangouma popanda cizindikiro, guluu wosungunula amene ndikumufotokoza m'munsimu sagwirapo.

Guluu wosungunula

Apa ndicedwapo pang'ono, cifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ife tinazolowera ulimbo. Ulimbo umakhala pakati, mbali iyi wagwira nthambi, mbali iyo wagwira mbalame. Guluu wa polystyrene sagwira nchito motero. Iye ndi madzi amankhwala amene amasungunula khungu la pulasitiki mbali zonse ziwiri. Mukakanikiza zidutswazo pamodzi, pulasitiki yosungunukayo imasakanikirana, mankhwala aja nkuuluka kupita mumpweya, pamalopo nkutsala pulasitiki yokhayokha. Zidutswa ziwiri zasanduka cimodzi. Ndi kuwocherera ndithu, kungoti kopanda moto.

Mukamvetsa zimenezi, malamulo ena onse amadzifotokoza okha. Guluu ameneyu sangamate citsulo, mtengo, mphira kapena cigubu, cifukwa sangazisungunule. Sangagwirenso bwino pamene pali penti, cifukwa penti imachinga pulasitiki. Zidutswa zina za m'bokosi, monga mabampa ndi malimu, zimabwera zonyezimira ngati siliva. Pamenepo pali kakhungu kopyapyala ka citsulo, ndipo muyenera kukapala ndi lezala pamalo okhawo okumana mpaka pulasitiki ioneke. Komanso sangadzaze mpata. Ngati zidutswa sizikukhudzana, palibe cosakanikirana.

Alipo wa mitundu iwiri. Wa m'cubu ndi wolimba ngati uci, cifukwa anasungunuliramo kale pulasitiki pang'ono. Amacedwa kuuma, conco amakupatsani nthawi yosuntha cidutswa, koma amakoka timaulusi ndipo savuta kuthira wambiri. Finyirani pang'ono papepala, muzitapa ndi kamtengo ka macesi kosongola. Musafinyire pa kagalimoto penipeni. Winayo ndi wamadzimadzi, wa m'botolo lokhala ndi kaburashi pacivindikiro. Wodziwika kwambiri ndi wa Tamiya wochedwa Extra Thin, amene kwenikweni ndi asetona wosakaniza ndi mankhwala ena ochedwa butyl acetate. Kwa ine wamadzimadziyu ndiye wabwino, ndipo kagwiritsidwe kake nkosiyana ndi kamene munazolowera: mumayamba mwagwirizanitsa zidutswa zili zouma, kenako mumangokhudza mzere wokumanirawo ndi nsonga ya kaburashi. Guluu amayenda yekha kulowa mumzeremo, monga mmene parafini amakwerera m'cingwe ca nyale. Dikirani pang'ono, ngati kuwerenga mpaka 10, kenako kanikizani. Mukaona kamzere ka pulasitiki yosungunuka katumphuka ngati mkanda, mwacita bwino. Musakapukute. Kasiyeni kaume, mudzakapala mawa, ndipo mzere wolumikizira sudzaonekanso.

Koma guluu woyenda yekhayu sasankha njira. Cala canu cikakhala pa mzerewo, amalowanso pansi pa calaco. Ine ndinaphunzira zimenezi pa kapikapu kamene mlamu wanga anandibweretsera kucokera ku Johannesburg. Ndinagwira boneti ndi cala cacikulu, ndinakhudza guluu m'mbali, ndipo nditacotsa dzanja cidindo ca cala canga cinali citasindikizika pabonetipo, mizere yonse kuoneka ngati ca pa citupa. Ndinafuna kupukuta msanga ndi nsalu, ndiye ndinaonjezera ulusi pamwamba pa cidindo. Cimene ndikanacita ndi kusiya osakhudza mpaka m'mawa, kenako kupala ndi lixa wosalala. Guluu wotere akagwera pamalo olakwika, manja kumbuyo. Akauma yekha amangosiya kabanga kocepa.

Kuthira wambiri kulinso ndi vuto lina lobisika. Mankhwala akatsekeredwa m'kati, mwacitsanzo m'thanki kapena pansi pa mpando, alibe potulukira. Amapitiriza kudya pulasitiki masiku angapo, ndipo tsiku lina mumangoona kunja kwalowa dzenje. Ngakhale mutathira wokwanira, mzere umapitiriza kuphwa pang'ono pamene ukuuma. Mukafulumira kupala ndi kupenta tsiku lomwelo, pakapita sabata mzere uja umabweranso pansi pa penti. Usiku umodzi ndi wocepetsetsa. Pamalo oonekera ngati denga, masiku 2 kapena 3 ndi abwino.

Ngati guluu wa m'botolo simungamupeze, asetona weniweni amamata ABS bwino, ndipo pa polystyrene amagwirako ngakhale amauluka msanga ndi kusiya banga loyera. Wocotsera utoto wa m'zikhadabo nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi madzi ndi mafuta, conco ndi wofooka: ndi wabwino poyesera, osati pomatira. Guluu wa mapaipi wa ku ferragem ndi wosungunulanso, koma anapangira PVC. Mukafuna kupanga thanki ya galimoto ya mafuta ndi paipi, iyeyo ndiye woyenera polumikiza PVC ndi PVC inzake. Pa pulasitiki yopyapyala ya kapu ya yogati ndi waukali kwambiri, amaikwinyitsa.

Esferovite, uja woyera wopepuka wotetezera mawailesi m'makatoni, ndi nambala 6 nayenso, koma ndi wodzaza mpweya. Guluu wosungunula, asetona ndi petulo zimamudya mpaka kutha. Mumateni ndi guluu woyera wa matabwa. Ndikudziwa kuti ena amamusungunula mu petulo kuti amatire malata odontha. Pa kagalimoto musayese: phala limenelo limacedwa kuuma, limafewetsa zidutswa, ndipo siliyanjana ndi moto.

Musanatsegule botolo

Nchito yaikulu imacitika guluu asanafike. Dulani cidutswa pa cimango ndi kapulayala kodulira kapena codulira zikhadabo, osati kupotokola ndi manja, cifukwa cimang'ambika pamodzi ndi mnofu wa cidutswaco. Palani kotsalako ndi lezala. Tsukani zidutswa m'madzi a sopo kuti mafuta a kufakitale ndi a m'manja acoke, ndipo ziume. Kenako yesani kuzigwirizanitsa popanda guluu. Yang'anani kutsogolo, kumbuyo, ndi moloza kuwala. Ngati kuwala kukudutsa pakati, palani pamene pakutsamira mpaka zikhalane. Yesaninso. Ine ndimayesa katatu kapena kanayi, ndipo sindinadandaulepo kuti ndataya nthawi.

Konzeranitu zopanira: timapegi ta zovala, malegeni opyapyala, tepi ya pepala. Koma kumbukirani cala canga cija. Legeni kapena tepi ikadutsa pa mzere umene guluu wamadzimadzi akadali wamuwisi, iye amalowa pansi pake nkusiya cipsera. Yambani mwamata, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako mangani.

Pamene zinthu ziwirizo ndi zosiyana

Galimoto yodzipangira siikhala ya pulasitiki yokha. Pamakhala ekiselo ya waya, makwerero a citsulo, matabwa a kumbuyo. Apa mpamene pamafunika guluu wokhala pakati ngati ulimbo.

Woyamba ndi uja wa m'kacubu, amene ambiri timati super glue kapena supakola. Dzina lake la sayansi ndi cyanoacrylate. Harry Coover wa ku America anakumana naye mu 1942 akufufuza pulasitiki yoonekera m'kati ya zida za nkhondo, ndipo anamusiya cifukwa ankangomata ciliconse. Kampani ya Eastman Kodak inayamba kumugulitsa mu 1958 ndi dzina lakuti Eastman 910. Cimene cimamuumitsa ndi cinyezi, ngakhale cocepa cimene cili mumpweya kapena pakhungu. Ndiye cifukwa cake amamata zala msanga kuposa pulasitiki, ndiponso kacubu kotsegula kamauma kokha nthawi ya dzinja. Kasungeni m'botolo lotseka bwino, muikemo timapaketi tija toyamwa cinyezi topezeka m'makatoni a nsapato.

Guluu ameneyu amagwira bwino akakhala wopyapyala. Dontho lalikulu limacedwa kuuma ndipo ndi lofooka. Donthezerani pa citsekero ca botolo, muzitapa ndi singano. Ndi wolimba mukamakoka molunjika, koma ndi wophweka ngati galasi: kagalimoto kakagwa pansi, kalilole wa m'mbali amathothoka. Ali ndi khalidwe linanso loipa. Pamene akuuma amatulutsa nthunzi imene imakakhala pa pulasitiki yoonekera m'kati nkuiyeretsa ngati nkhungu, makamaka pamene panagwira cala. Galasi lakutsogolo likayera m'kati kabini mutaitseka kale, palibenso cocita.

Conco magalasi ndi nyale mateni ndi guluu woyera wa matabwa, amene m'masitolo amalemba cola branca. Sagwira mwamphamvu, koma galasi silinyamula katundu. Akauma amaonekera m'kati, ndipo wotuluka m'mbali mumangopukuta ndi kansalu konyowa. Ngati galasi mwadula ku botolo la madzi, lisiyireni timakutu m'mbali toti tipindikire m'kati mwa kabini, guluu agwire pa timakutupo.

Wacitatu ndi epokisi, wa macubu awiri, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Araldite. Mumafinya muyeso wofanana kucokera m'cubu ciliconse, pokhapokha pepala lake litanena zina, nkusakaniza bwinobwino ndi kamtengo. Alipo wogwira pa mphindi 5 ndi wina wocedwa maola angapo. Wocedwayo ndiye wolimba kwambiri, ndipo onse awiri ndi bwino kuwasiya tsiku lathunthu. Epokisi amadzaza mpata, sasungunula ciliconse, ndipo saphweka ngati supakola. Pamene pali kulemera, monga pomangirira ekiselo ku chasisi kapena paipi ya PVC pamwamba pa polystyrene, ine ndimasankha iyeyu. Kandani mbali zonse ziwiri ndi lixa wokhakhala kuti apeze pogwira.

Za matayala ndinenepo mwacidule. Matayala ena ofewa a m'mabokosi ali ndi mafuta amene pakapita miyezi amafewetsa limu ya polystyrene. Pentani limuyo kaye, kapena ikani kapepala konyezimira ka aluminiyamu pakati. Ndipo musasunge tayala litagona pa galasi m'bokosi.

Cigubu, ndowa ndi zitsekero

Tibwerere ku kabini inagwa ija. Pulasitiki ya nambala 2, 4 ndi 5 siisungunuka ndi asetona kapena guluu wa polystyrene. Umboni wake ndi wakuti asetona amagulitsidwa m'mabotolo a pulasitiki yomweyi, ndipo kamlomo ka supakola kamapangidwanso ndi iyo kuti kasamatike. Guluu wokhala pakati nayenso amangokhala pamwamba ngati madzi pa tsamba la koko. Kumaiko kumene luso limeneli ndi lofala amagulitsa mankhwala opaka poyamba kuti supakola agwire, koma musawerengere kuti muwapeza pamsika.

Njira yodalirika mwaionapo kale kwa anthu okonza ndowa ndi mabeseni: kuwocherera ndi citsulo camoto. Pulasitiki ya cigubu imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130, ya nambala 5 pa madigiri opitirira pang'ono 160. Tenthetsani msomali wokhomera pa kamtengo, kapena gwiritsani nchito citsulo ca magetsi ca okonza mawailesi. Gwirizanitsani zidutswa, dinani timadontho m'malo atatu kapena anayi kuti zisasunthe, kenako yendetsani citsulo mumzere wonse kumbali ya m'kati, mukusungunuliramo kalamba kodulidwa ku cigubu comweco. Mawu akuti comweco ndi ofunika. Nambala 2 imagwirana ndi 2, nambala 5 ndi 5. Mukasakaniza zimaoneka ngati zagwira, koma zimalekana mukangopinda. Citsulo cikhale cotentha moti cisungunule, osati mpaka utsi wakuda. Ndipo PVC musaiyandikize ku moto, utsi wake umawocha m'mphuno ndi m'cifuwa.

Njira ina ndi yosoka. Boolani timabowo tiwiritiwiri ndi singano yamoto, lowetsani waya wopyapyala wa kopa wocokera m'cingwe ca magetsi cakutha, potokolani kumbali yosaoneka. Timasikuluwu ta m'mawailesi akufa timagwiranso bwino. Kunena zoona, galimoto yoti mwana aziikoka pabwalo ndi bwino ikhale yosoka kapena ya masikuluwu, ngakhale pulasitiki yake ikhale yomvera guluu.

Kulimbitsa pamene mwadula

Tiyerekeze kuti muli ndi kapikapu ka m'bokosi, ndipo mukufuna kukatalikitsa kuti kakhale ngati mathiraki onyamula matumba a mbatatesi kucokera ku Tsangano. Mudzadula chasisi pakati, nkuikapo cidutswa cina. Mukangogundanitsa nsonga ndi nsonga, malo okhudzana ndi ocepa kwambiri. Tiwerengere. Pepala la pulasitiki lokhuthala milimita 1, m'lifupi mamilimita 60, likagundana ndi linzake, malo ogwirana ndi 1 kuculukitsa ndi 60, ndiye 60. Tsopano matani kalamba ka mamilimita 10 kumbuyo kwa mzerewo, 5 mbali iyi, 5 mbali iyo. Mbali iliyonse yapeza malo ena ogwirana okwana 5 kuculukitsa ndi 60, ndiye 300. Guluu ndi yemweyo, koma malo ogwira awonjezeka kasanu. Akalipentala amacita zomwezi polumikiza mitanda ya denga.

Pa ngodya, monga pamene khoma la kumbuyo kwa thiraki likumana ndi pansi, matani kamtanda kakang'ono m'kati mwa ngodyayo. Cimango cija munadulako zidutswa musataye, ndi ca polystyrene yomweyo ndipo cimagwira nchito imeneyi. Podula mitanda iwiri ya chasisi, musadule pamalo ofanana. Wina dulani patsogolo pang'ono, wina pambuyo, kuti pofooka pasakhale pamzere umodzi.

Tizidutswa toonda totuluka kunja, monga kalilole, paipi ya utsi kapena cogwirira, timafuna msana wa waya. Boolani kabowo m'cidutswa ndi kena pathupi la galimoto. Ngati mulibe kobowolera kakang'ono, singano yosokera yoithyola nsonga ndi kuinola mbali imodzi imaboola polystyrene mukamaipota ndi zala. Dulani kawaya ka mamilimita 5 kapena 6, kalowe theka uku theka uko, ndi kadontho ka supakola. Tsopano amene akunyamula ndi waya, guluu akungouletsa kutuluka.

Mipata yotsala ili ndi mankhwala ake awiri. Dulani cimango tizidutswa ting'onoting'ono, tiikeni m'botolo la guluu wamadzimadzi lotsala pang'ono, musiye usiku. M'mawa mupeza phala la pulasitiki. Pakani mopyapyala, cifukwa lili ndi mankhwala osungunula aja ndipo limafuna masiku kuti liume. Likauma limapalika mofanana ndi pulasitiki yozungulira. Njira yacangu ndiyo kuthira soda wophikira mumpatamo nkudonthezera supakola. Zimauma nthawi yomweyo, zikutentha. Palani pasanathe ola limodzi, cifukwa zikagona zimalimba kuposa pulasitiki, ndipo lixa amayamba kudya m'mbali nkusiya phiri pakati.

Thupi lanu, ndi ana ali pafupi

Guluu wosungunula ndi asetona zimayaka, ndipo nthunzi yake imapweteketsa mutu. Gwirani nchito pakhonde kapena pawindo lotsegula, kutali ndi mbaula, kandulo ndi nyale ya parafini. Izi zikutanthauza kuti tsiku lowocherera ndi msomali wamoto botolo la guluu likhale lotseka, lili kwina. Tsekani botolo nthawi iliyonse mukatapa, ndipo liikeni m'kati mwa kacitini kuti lisagubuduke. Ana asatsale okha ndi guluu wa mtundu uliwonse kupatula woyera uja, ndipo mwana amene wayamba kukonda fungo lake mumuyang'anitsitse, cifukwa kununkhiza mankhwala amenewa kumaononga ubongo.

Supakola akamata zala musakoke mwamphamvu, mungang'ambe khungu. Viikani m'madzi ofunda a sopo, muzipotokola zala pang'onopang'ono. Asetona kapena mafuta ophikira zimathandiza. Musamupukute ndi thonje kapena nsalu ya thonje: akakumana ndi thonje amatentha kwambiri moti amawocha khungu, ndipo akatayikira pa buluku, cotsani nsaluyo pathupi msanga isanamatirire. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri ofunda, musakanule cikope ndi zala, musathiremo asetona, pitani kucipatala. Poboola kamlomo ka cubu catsopano, kalozetseni kutali ndi nkhope, cifukwa kamathovoka. Epokisi wosauma amayabwitsa khungu la anthu ena, conco sambani ndi sopo mukangomaliza.

Mukamata molakwika

Zimacitika, eti. Cocita cimadalira guluu amene munagwiritsa nchito. Ngati ndi wosungunula ndipo papita mphindi zocepa, khudzaninso mzerewo ndi guluu yemweyo, udzafewa, nkulekanitsa mosamala. Ngati wagona, kumbukirani kuti palibenso zidutswa ziwiri, conco muyenera kuceka ndi kasowo kopyapyala kapena kudutsitsa msana wa lezala mobwerezabwereza, kenako kubwezeretsa pamene sowo yadya ndi kapepala ka pulasitiki. Supakola amaphweka kwambiri akazizira: ikani kagalimoto mufiriji ya madzi oundana kwa ola limodzi, kenako lowetsani nsonga ya mpeni mumzere nkupotokola pang'ono. Asetona amamusungunula, koma amadyanso polystyrene, ndiye mugwiritseni nchito pa citsulo pokha. Epokisi amafuna kupala ndi kuleza mtima. Guluu woyera ndiye wosavuta: nyowetsani ndi madzi ofunda, dikirani pang'ono, galasi licoka lokha, ndipo mukalitsuka mungathe kulimatanso.